Mukuopa kuzizira, koma ku Ny-Ålesund chovuta chenicheni ndi china

Funso lalero lachokera kwa mnyamata wina wa ku Dedza yemwe akumaliza maphunziro a zamagetsi ku Norway. Walemba kuti: "Akulu, ndapatsidwa mwayi wokathandiza pa siteshoni ya kafukufuku ku Ny-Ålesund, ku Svalbard, kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Ndinamva zoti munakhalako. Moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko ndi wotani? Mayi anga akuti ndikauma ngati nsomba ya mufiriji. Kodi munthu wakwathu kuzizira kumeneko angakukwanitse?"

Achimwene, choyamba awuzeni mayi mtima ukhale m'malo, simukauma. Ine ndinakhalako nyengo yonse ya mdima ndikuyang'anira zipangizo zoyezera nyengo ndipo ndinabwerako ndi zala zanga zonse khumi. Kuzizira kulipo ndithu, sindikunamizani, koma kuzizira kuli ndi mankhwala ake, umavala basi nkhani yatha. Zomwe zimamugwetsa munthu kumeneko ndi ziwiri zomwe simunazifunse n'komwe: kukhala miyezi inayi dzuwa osaliona, komanso kukhala ndi anthu omwewomwewo, osakwana 40, m'mawa masana usiku popanda kothawira. Ndiye ndiyankha funso lanu koma mundilole ndichedwe kwambiri pa ziwirizi.

Malowo kaye. Ny-Ålesund ili pachilumba cha Spitsbergen, chimodzi mwa zilumba za Svalbard za dziko la Norway, m'mphepete mwa nyanja yolowa kumtunda yomwe amati Kongsfjorden, pafupifupi madigiri 79 kumpoto, kuchoka pamenepo kukafika ku North Pole ndi makilomita 1,200 ndi kenakake. Musaganize za tauni ayi, ndi kamudzi ka nyumba zamatabwa zopaka utoto wofiira, wachikasu, wabuluu, msewu wake wafumbi umatha msanga kuposa msewu wa kumsika, mtengo kulibe ngakhale umodzi. Kale unali mgodi wa malasha, ndiye pa 5 Novembala 1962 munachitika ngozi mumgodimo anthu 21 n'kumwalira, nkhani yake inakula mpaka boma la Norway lotsogozedwa ndi Einar Gerhardsen linagwa mu 1963, mgodi n'kutsekedwa. Kampani yomwe inkakumba malashayo, Kings Bay, ya boma la Norway, ndi yomwe ikuyendetsabe mudziwo mpaka pano, koma tsopano ntchito yake ndi kuphikira asayansi, kuwapatsa magetsi, madzi, pogona, kusamala bwalo la ndege ndi doko. Mayiko ali ndi nyumba zawo: a Norway eni ake, a Germany ndi France omwe anaphatikizana n'kupanga AWIPEV, a Britain, Italy, Japan, Netherlands, South Korea, a China omwe anatsegula yawo mu 2004 ndi a India mu 2008. Chilimwe chawo anthu amadzadza kupitirira 100, koma nthawi yomwe mukupita inuyo kumatsala anthu ochepa zedi, ambiri mwa iwo ndi ophika, amakaniko, a zamagetsi, oyang'anira doko, asayansi enieni amakhala owerengeka. Ndiye inu wa zamagetsi mukakhala munthu wofunika, aliyense akakudziwani dzina sabata yoyamba isanathe.

Za ulendo ndingokuchenjezani chimodzi poti muli ndi pasipoti ya Malawi. Ku Svalbard sikufunika viza, izi zimachokera ku pangano la 1920, koma Svalbard ili kunja kwa Schengen, dera la mayiko a ku Europe, Norway ali momwemo, omwe amayendera viza imodzi, ndiye mukakwera ndege ku Oslo kapena ku Tromsø kupita ku Longyearbyen, tauni yaikulu ya Svalbard, ndiye kuti mwatuluka m'deralo, pobwerera mukulowanso. Onetsetsani kuti pepala lanu lokhalira ku Norway likhala lisanathe pofika Epulo, apo bii mudzapezeka muli kakasi pa bwalo la ndege. Kuchoka ku Longyearbyen mumakwera kandege kakang'ono ka anthu osakwana 20, pafupifupi theka la ola, ndipo kamabwera kawiri kapena kangapo pa sabata ngati nyengo yalola. Mawu oti "ngati nyengo yalola" muwazolowere, ndi omwe amalamulira chilichonse kumeneko.

Tsopano mdima. Kwathu kuno dzuwa ndi wotchi, likatuluka thupi limadziwa, likalowa thupi limadziwa, ndipo kusiyana kwa Juni ndi Disembala n'kochepa moti ambirife sitikuzindikira n'komwe. Kumeneko dzuwa limalowa chakumapeto kwa Okutobala, ndiye kuti inu mukangofika mukaliona masiku ochepa chabe likukwawa m'munsi ngati likudwala, kenako basi, silidzatulukanso mpaka cha m'ma 18 Febuluwale, komanso chifukwa cha mapiri a kum'mwera limachedwa masabata ena kuti liwale m'mudzimo. Masabata oyamba kumakhala kachisisira masana, kabuluu kokongola kwambiri, koma kuyambira pakati pa Novembala mpaka chakumapeto kwa Januwale 12 koloko masana ndi 12 koloko usiku n'chimodzimodzi, bii. Ine ndinkaganiza kuti mdima ndimaudziwa poti ndinakulira kumudzi kopanda magetsi, koma mdima wakwathu uli ndi lonjezo, umadziwa kuti tambala alira. Uwu ulibe tambala.

Chomwe chimachitika m'thupi n'chakuti wotchi yam'kati imayamba kutsetsereka. Lero wagona 11, mawa 12, mkucha 1 koloko, pakutha masabata awiri ukupezeka uli maso gwa 4 koloko m'mawa ukuonera mavidiyo, ndiye masana ukuyenda ngati wamwa kachasu, kuiwalaiwala, kukwiya ndi zinthu zazing'ono. Tsiku lina ndinadzuka wotchi ikuti 6:10, ndinasamba, kuvala, kupita kokadyera ndikuyembekezera phala ndi buledi, kukapeza anthu akutsuka mbale za chakudya chamadzulo, kani ndinangogona maola awiri masana. Anandiseka koma aliyense anali ndi nkhani yake yofanana ndi imeneyo. Mankhwala ake ndi otopetsa kuwamva koma amagwira: dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale Lamulungu, yatsani magetsi owala kwambiri m'mawa, ena amakhala ndi nyale zapadera zowala ngati usana zomwe amaziyang'ana theka la ola akumwa khofi, tulukani panja tsiku lililonse ngakhale kuli mdima, ndipo usiku foni ndi kompyuta zizipita kutali ndi bedi.

Ndipo chachikulu, musamadumphe chakudya. Apa ndi pomwe pali mtima wa mudzi wonse. Kulibe yemwe amadziphikira payekha, aliyense amadya malo amodzi omwe amati messa, katatu patsiku, nthawi yake yoikika, ukachedwa wachedwa. M'mawa cha m'ma 7 ndi theka, masana ikangokwana 12, chamadzulo chimabwera molawirira kwambiri 5 koloko isanakwane, chikhalidwe cha ku Norway chimenecho, ine masiku oyamba pofika 9 usiku njala inali itabweranso. Poti dzuwa kulibe, nthawi yodyera ndi yomwe imakhala dzuwa lanu, ndi yomwe imadula tsiku kuti likhale ndi m'mawa ndi madzulo. Komanso ndi momwe anthu amawerengerana. Munthu akapanda kuoneka ku messa kawiri motsatizana, wina amapita kukagogoda, osati chifukwa cha miseche koma chifukwa kumeneko munthu akayamba kudzitsekera m'chipinda ndiye chizindikiro choyamba kuti mdima wayamba kumudya. Polowa mumavula nsapato pakhomo, nyumba iliyonse, mwambo wochokera nthawi ya mgodi pomwe ankapewa fumbi la malasha, ndiye pitani ndi masokosi osabooka achimwene, chifukwa pulofesa ndi wokonza mapaipi onse amayenda ndi masokosi ndipo amakhala tebulo limodzi. Loweruka madzulo ndi tsiku lapadera, anthu amavala bwino, shati yosita, ena mpaka taye, matebulo amawayala nsalu. Poyamba ndinkaona ngati masewera, kutchena kuti akuone ndani, anthu omwe akuona sabata yonse uli mu ovolosi? Kenako ndinamvetsa kuti popanda Loweruka limeneli masiku onse amasungunuka n'kukhala tsiku limodzi lalitali. Tengani shati yachitenje imodzi, mudzandithokoza.

Ntchito yake payokha si yamatsenga. Anthu amaganiza kuti tsiku lililonse ndi kuthamangitsana ndi zimbalangondo, pomwe zambiri ndi kubwereza zomwezomwezo mosalakwitsa. Ine m'mawa ndinkayamba ndi kuona pa kompyuta ngati zipangizo zonse zatumiza manambala usiku, kenako kuvala, zomwe zimatenga mphindi 15 pazokha, kupita kukachotsa ayezi pa magalasi a zipangizo, kusintha mafyuluta, kuona mawaya. A AWIPEV amaulutsa baluni yoyezera nyengo tsiku lililonse, kaya kuli mphepo kaya ndi Khirisimasi, chifukwa phindu la manambala amenewa ndi loti asaduke, zaka ndi zaka. Pamwamba pa phiri la Zeppelin, mamita oposa 470, pali nyumba yoyezera mpweya, amakwerako pa kangolo koyenda pa chingwe, kumeneko amayeza carbon dioxide, methane ndi utsi womwe umauluka kuchokera ku mafakitale a ku Europe ndi Asia, ndipo mpweyawo amausamala moti safuna injini ziziyaka chisawawa pafupi. Chifukwa chomwe mayiko onsewa akuthira ndalama pa kamudzi kameneka n'chakuti dera la Arctic, lozungulira North Pole, likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo Svalbard ndi amodzi mwa malo omwe zikuoneka ndi maso. Akuluakulu omwe akhalako nthawi yaitali amakuuza kuti kale Kongsfjorden inkauma nyengo yozizira, anthu n'kumayenda pamwamba pake, pano zaka zambiri madzi amangokhala madzi.

Kwa inu wa zamagetsi, dziwani kuti mudzi wonse umadalira majenereta a dizilo, ndipo kulibe shopu ya hadiweya yoti muthamangireko. Chinthu chikawonongeka, sipeya wake ali ku Tromsø kapena ku Germany, abwera ndi ndege ya sabata yamawa kapena sitima ya mwezi wamawa. Apa ndi pomwe ife okulira kokonza wailesi ndi waya wa mpanda timaposa anzathu ena, nzeru zoti "tiyeni tiyesere kaye ichi" kumeneko ndi golide. Koma muphatikize ndi kulemba, chilichonse mwakonza lembani, chifukwa wobwera pambuyo panu sadzakhala ndi womufunsa. Zina mudzaziphunzira ndi manja: waya wa pulasitiki wamba ukazizira umauma n'kuthyoka ngati chinangwa chouma, tepi samata, batire yomwe inali fulu m'nyumba panja imafa pa mphindi zochepa ndiye yosungira muziika m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, ntchito ya mphindi zisanu imatenga ola chifukwa muli ndi magolovesi ndi tochi yapamutu. Mapaipi a madzi samakwiriridwa, amayenda pamwamba m'mabokosi otenthetsedwa, chifukwa pansi pa nthaka ndi pouma ndi ayezi chaka chonse.

Kuzizira komwe mayi akuopa. Mudabwa kumva kuti Ny-Ålesund siyozizira ngati malo ena omwe ali kum'mwera kwake, monga m'kati mwa Siberia kapena Canada, chifukwa madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amafika kumadzulo kwa Spitsbergen. Masiku ambiri a nyengo yozizira ndi pakati pa -10 ndi -20, nthawi zina kutsika kuposa apo, nthawi zina kukwera mpaka kugwa mvula pakati pa Januwale, zomwe n'zoipa kwambiri chifukwa mvulayo ikauma n'kukhala ayezi mudzi wonse umasanduka galasi. Mdani weniweni ndi mphepo ndi thukuta. Chiperoni cha ku Dedza chimakupweteka chifukwa nyumba zathu sizotenthetsedwa, umazizidwa panja umazizidwa m'nyumba, pomwe uko m'nyumba mumakhala ndi tisheti yokha. Povala lamulo ndi loti zovala zathonje zisakhudze khungu, thonje likanyowa ndi thukuta limakuziziritsa, ndiye mkati ubweya wankhosa, pakati juzi, kunja chotchinga mphepo, ndipo ukayamba kutenthedwa uvule chimodzi usanatuluke thukuta. Zovala zazikulu zakunja kawirikawiri siteshoni imabwereketsa, inu gulani zam'kati zabwino ndi masokosi ambiri. Chitsulo osachigwira ndi dzanja lopanda kanthu, ine ndinavula golovesi kuti ndimange kasikuluwu kamodzi, khungu la chala linatsala pomwepo, kulakwa kwanga ndekha.

Pali china chomwe anzanu achizungu sangakuuzeni chifukwa sachidziwa. Madokotala a asilikali ku Britain ndi ku America anaona kalekale kuti asilikali akuda amavulala ndi kuzizira m'zala ndi m'mapazi kawirikawiri kuposa anzawo. Komanso chizindikiro chomwe amaphunzitsa, choti yang'ana mnzako ngati tsaya kapena mphuno yayera, pa khungu lathu sichioneka msanga makamaka ndi tochi mumdima. Ndiye musadikire kuti wina akuoneni, mukangomva chala kapena mphuno yasiya kupweteka n'kuchita dzanzi, imani, lowetsani dzanja kukhwapa, nenani. Manyazi oti aziti wa ku Africa walephera, asiyeni pa bwalo la ndege. Vitamini D nayenso, khungu lakuda limapanga wochepa ngakhale dzuwa lilipo lofooka, ndiye miyezi inayi lopanda n'komwe mufunika mapiritsi kapena mafuta a nsomba aja a ku Norway amati tran, funsani adokotala musananyamuke akuuzeni mlingo. Ndipo tengani Vaseline wambiri, mpweya wam'nyumba ndi wouma zedi, khungu limatuwa, milomo kung'ambika, ena mpaka kamfuno.

Zimbalangondo zoyera zija zilipo, si nthano. Yaimuna ikhoza kupitirira makilogalamu 500 ndipo imathamanga kuposa inu, komanso mumdima simungaione ili patali. N'chifukwa chake nyumba za ku Ny-Ålesund sazikhoma, kuti chikakutulukira uthawire khomo lililonse lapafupi. Potuluka m'mudzi pali chikwangwani, kupitirira pamenepo uyenera kukhala ndi mfuti yaikulu, kamfuti kowombera moto woopsezera, ndi wailesi yolankhulirana, komanso wauza anthu komwe ukupita ndi nthawi yobwerera. Amakuphunzitsani kuwombera mukangofika. Zipolopolo mumaika mumfuti mukafika pa chikwangwanipo potuluka, pobwera mumachotsa pomwepo, m'mudzi simuyenda ndi mfuti yodzadza. Koma musatengeke kuganiza kuti mwasanduka mlenje, nyamayi ndi yotetezedwa kuyambira 1973, mfuti ndi yomaliza zonse zikakanika, ndipo chimbalangondo chikaphedwa ofesi ya bwanamkubwa wa Svalbard, Sysselmester, imafufuza ngati mlandu, amafuna adziwe chifukwa chomwe munafikira pamenepo. Kuyambira 2025 lamulo likuti ukhale mamita osachepera 300 kutali nacho, ndipo kuyambira Malichi mpaka Juni ndi 500. Nzeru yonse ndi kuchiona msanga n'kubwerera. Ine nyengo yonse ndinaona mapazi ake kangapo, chenichenicho kamodzi kokha, chili kutsidya, ndili pa windo ndi kapu ya tiyi, ndipo mmenemo ndi momwe ndimafunira kuchionera. Zomwe muzikumana nazo tsiku ndi tsiku ndi nyama zonga mbawala zonenepa zamiyendo yaifupi zomwe amati reindeer, zimangodya pafupi ndi nyumba osakulabadirani, ndi tinkhandwe toyera.

Foni. Ili ndi lomwe limawadabwitsa achinyamata. Nthawi yomwe ine ndinali kumeneko, m'dera la makilomita 20 kuzungulira mudzi, WiFi ndi Bluetooth zinali zoletsedwa. Chifukwa chake pali madishi akuluakulu a bungwe la mapu la Norway, Kartverket, omwe amamvetsera timafunde tofooka kwambiri tochokera kutali mlengalenga pofuna kuyeza momwe dziko likuzungulirira ndi momwe nthaka ikusunthira, ndiye kahedifoni kanu kopanda waya kwa iwo kali ngati munthu woimba ng'oma m'chipinda cha mayeso. Intaneti ilipo ndipo ndi yothamanga kuposa yomwe ambirife tinaionapo, inabwera ndi chingwe chapansi pa nyanja, koma tinkalumikiza ndi waya. Ndiye ngati lamuloli likadalipo gulani kachipangizo kolumikizira waya wa intaneti ku laputopu ndi ku foni, mahedifoni a waya, mausi ya waya, ndipo wotchi yanu ija yolankhulana ndi foni muizimitse. Ine ndinaiwala kasipika kena m'chikwama kali koyaka, sanachedwe kundipeza, anali aulemu koma manyazi ake sindinawaiwale. Ubwino wake, nthawi ya kumeneko ndi ya ku Norway, miyezi yozizira ali kumbuyo kwa Malawi ndi ola limodzi lokha, ndiye mayi muziwaimbira pa WhatsApp madzulo bwinobwino. Ndingokupemphani kuti muike tsiku ndi nthawi yoimbira, musamakhale pa foni ndi akumudzi usiku wonse, chifukwa thupi lili ku Svalbard mtima uli ku Dedza ndi njira yachidule yodwalira. Ndipo konzekerani mumtima kuti kukagwa zovuta kwathu, maliro mwina simungawapeze. Ndege ikhoza kukanika masiku angapo, ulendo wake ndi wa masiku. Nkhani imeneyi ikambeni ndi abale musanapite, kwathu kusapezeka pa maliro si nkhani yaing'ono, ine zinandichitikira ndipo ndinalira ndekha m'chipinda cha zipangizo.

Tibwere kwa anthu, chifukwa apa ndi pomwe ena amapambana ena n'kulumbira kuti sadzabweranso. Taganizani anthu 30 kapena 35, yemwe mwakangana naye pa ntchito m'mawa ndi yemweyo mukhala naye tebulo masana, ndi yemweyo ali ku jimu madzulo, ndi yemweyo agwire mfuti kukulonderani mawa mukukonza waya. Kulibe koti ndipite kwa anzanga ena ndikapume. Tinthu tating'ono timakula, wina amatafuna mokweza, wina sabweza sipanala pamalo pake, wina watenga kapu yomwe umaikonda, mu Novembala umaseka, mu Januwale umafuna kumenya munthu. Ine ndinakhala masiku atatu osalankhulana ndi mnzanga chifukwa cha tochi, tochi yeniyeniyi. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti nkhani uziyankhula ikadali yaing'ono, pamaso, mwaulemu, ndipo miseche ayi, chifukwa m'mudzi wa anthu 30 mawu amazungulira n'kukupeza chakudya chamadzulo chisanakwane. Ife a kwathu tili ndi mwayi umodzi, tinazolowera kukhala mothithikana, kupatsana moni, kudyera limodzi, kupirira wachibale wovuta. Koma tili ndi vuto limodzinso, timakonda kunena kuti "zili bwino" pomwe sizili bwino, ndipo timaopa kutsutsa bwana. Uko ukati zili bwino amakhulupirira. Ngati nyengo ukuiona kuti siili bwino kapena watopa, umanena kuti ine sindipita, ngakhale kwa pulofesa, ndipo amakulemekeza nazo. Komanso anthu a ku Norway akakhala chete sikuti akukuda, ndi momwe alili, mukhoza kukhala limodzi theka la ola osalankhula iwo n'kumaona kuti mwacheza bwino. Zachikondi m'malo ngati amenewo zimayamba msanga, zikatha mulibe kothawirana, ndangodutsamo.

Mowa ulipo, kuli kabala kotchedwa Mellageret komwe anthu amasinthana kugulitsa, ndi kashopu komwe kamatsegulidwa maola ochepa pa sabata. Samalani nawo, mdima ndi botolo zimagwirizana kwambiri. Chakudya n'chabwino ndipo n'chambiri, nsomba, mbatata, nyama, buledi ndi tchizi mpaka kutopa nazo, zamasamba ndi zipatso zimatengera kuti sitima kapena ndege yabwera liti, ndiye tsiku lomwe kwabwera matimati atsopano mumaona anthu akuluakulu akusangalala ngati ana. Nsima kulibe. Tengani ufa makilogalamu angapo kuchokera m'mashopu a zakudya za ku Africa ku Oslo, ndi kabotolo ka Nali, koma muonenso kulemera kwa katundu chifukwa kandege kaja kali ndi malire. Ine ndinapempha ophika kuti andilole kukhitchini tsiku lina ndinaphika nsima ya anthu onse, ena anaidya ndi foloko ndi mpeni, koma kuyambira tsiku limenelo anthu omwe ankangondigwedezera mutu anayamba kundiitana potuluka.

Chipatala chenicheni kulibe, chapafupi chili ku Longyearbyen ndipo n'chaching'ono, matenda aakulu amakutumiza ku Tromsø, zonsezo ndi helikopita kapena ndege, nyengo ikalola. Ndiye dzino lomwe limakuvutitsani mwa apo ndi apo likonzeni musanapite, magalasi amaso tengani awiri, mankhwala omwe mumamwa tengani okwanira ndi otsala.

Mwina ndakuopsezani kwambiri. Zokoma zilipo zomwe simudzazipeza kwina. Kuwala kwamitundumitundu kwa kumwamba komwe amati aurora kumeneko kumatha kuoneka ngakhale masana, 11 koloko m'mawa uli panja ndi bokosi la zipangizo kumwamba n'kuyamba kuvina zobiriwira ndi zofiirira. Mwezi ukakhala wathunthu masiku ena sulowa n'komwe, umangozungulira, ndiye mapiri onse oyera amawala moti tochi umazimitsa. Kuli agalu okoka ngolo omwe mukhoza kuthandiza kuwayendetsa, kuli tinyumba takutali tomwe anthu amakagonako Loweruka pa njinga zamoto zoyenda pa sinowo, kuli kachipinda kotentha kwambiri kotchedwa sauna komwe amatuluka thukuta n'kukadzigwetsa m'nyanja, icho ine ndinachita kamodzi ndipo sindidzabwerezanso. Kunja kwa mudzi kuli chitsulo chachitali chomwe Roald Amundsen wa ku Norway ndi Umberto Nobile wa ku Italy anamangirirapo chombo chawo chouluka, Norge, mu 1926 asanadutse pamwamba pa North Pole, chikadali chiimire. Mukaona msomali wadzimbiri kapena thabwa lakale pansi osatola, chilichonse cha 1946 isanafike ndi chotetezedwa ndi lamulo, ngakhale chikuoneka ngati zinyalala.

Inu mwasankha miyezi yabwino chifukwa mudzaona kubwera kwa dzuwa. Kumayambiriro kwa Febuluwale masana kumayamba kuchita buluu, kenako nsonga za mapiri a kutsidya, atatu aja amati Tre Kroner, zimayamba kufiira, tsiku lililonse kuwala kukutsika pang'ono, anthu amayamba kuyang'ana pa windo pakati pa ntchito ngati akudikira basi. Tsiku lomwe dzuwa linandimenya pankhope koyamba ndinali pa makwerero ndikukonza waya, silinkatentha n'komwe, ndinangoima pomwepo mpaka mnzanga wa pansi anandikuwira kuti akuzizidwa. Kuchoka apo zimathamanga, tsiku lililonse usana ukutalika ndi mphindi zambiri, pofika cha m'ma 18 Epulo dzuwa silikulowanso mpaka chakumapeto kwa Ogasiti, ndiye vuto la tulo limatembenuka, mudzafuna chophimba m'maso ndi makatani okhuthala. Magalasi adzuwa muwaike m'chikwama kuyambira pano ngakhale mukupita kumdima, mu Malichi ndi Epulo kuwala kobwerera pa sinowo kumawotcha maso, ndipo kashopu kaja mwina simudzawapeza okukwanani.